Ufa wa Chithunzi: Mbiri ya Fayilo ya RAW

Ambirife amene tinakula kamera za filimu zisanathe timamukumbukira wojambula wa pa njinga. Ankatulukira Lamlungu anthu akuweruka kutchalitchi, kapena tsiku la chinkhoswe, kamera ili lendelende pakhosi. Mukajambulitsa ankakuuzani kuti mudikire filimu ithe kaye, kenako akatsukitse kutauni. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu chithunzi chinkabwera mu envelopu, koma negetivi, kachidutswa ka filimu kaja koonetsa nkhope zoyera ndi malaya akuda, inkatsalira iye. Chithunzi chikanyowa ndi mvula kapena wachibale akachitenga, munkabwerera kwa munthu yemweyo. Palibe amene ankadandaula, komabe mphamvu yonse inali pa kachidutswa kameneko. Wosunga negetivi ankatha kutulutsa chithunzi china chaka chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, chowala kapena chodera. Mbiri ya fayilo ya RAW ndi mbiri ya negetivi yomweyo italowa m'kompyuta, ndiponso ya mkangano wofuna kudziwa amene ayenera kuisunga.

Negetivi inayamba ndi William Henry Fox Talbot wa ku England, amene analembetsa njira yake m'chaka cha 1841. Njira ya Louis Daguerre wa ku France, yomwe inalengezedwa mu 1839, inkatulutsa chithunzi chimodzi chokha pa chitsulo chonyezimira, ndipo panalibe njira yochichulukitsira. Ya Talbot inagawa ntchito pawiri: kujambula kunja, kenako kutsuka ndi kusindikiza m'chipinda cha mdima. Gawo lachiwirili ndilo linkaonetsa mmisiri. Posindikiza, iye ankatchinga kuwala ndi dzanja kapena kapepala pamalo amene akufuna kuti pawale, n'kusiya kuti kuwombe nthawi yaitali pamene akufuna kuti pade. Ansel Adams, wojambula mapiri wa ku America amene anaphunziranso kuimba piyano, ankayerekeza negetivi ndi nyimbo yolembedwa papepala, ndipo chithunzi chosindikizidwa ankachiyerekeza ndi kaimbidwe kake. Mu 1888 George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak yokhala ndi filimu ya zithunzi 100. Ikatha, mwini wake ankatumiza kamera yonseyo ku Rochester, kampani n'kutsuka, n'kumubwezera zithunzi ndi filimu yatsopano. Kuyambira pamenepo njira zinakhala ziwiri: ya amene amadziphikira yekha, ndi ya amene amalandira zophikaphika.

Kamera ya digito inatulukira m'nyumba yomweyo ya Kodak. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs anapanga kachipangizo kotchedwa CCD, kosandutsa kuwala kukhala mphamvu ya magetsi yoti n'kuwerengeka. Mu 1975 Steven Sasson, injiniya wa Kodak wa zaka 24, anakalumikiza ku lenzi ndi chojambulira makaseti. Chimakina chakecho chinkalemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, chinkajambula zakuda ndi zoyera zokha, madontho 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chilembedwe pa kaseti.

Vuto lalikulu linali la mitundu. Sensa ya kamera, monga CCD ija, sidziwa kufiira kapena kubiriwira. Dontho lililonse limangowerenga kuchuluka kwa kuwala komwe kwaligwera, basi. Amene anapeza njira ndi Bryce Bayer, wasayansi winanso wa Kodak, ndipo chiphaso cha luso lakelo chinatuluka mu 1976. Anayala pamwamba pa sensa tisefa ting'onoting'ono tolukana ngati mkeka: pa madontho anayi alionse, awiri obiriwira, limodzi lofiira, limodzi la buluu. Obiriwira anawachulukitsa chifukwa diso la munthu limaona bwino kwambiri kuwala kwa mtundu umenewo. Makamera ambiri mpaka lero, ndi mafoni omwe, amagwiritsa ntchito mkeka wa Bayer kapena wachibale wake.

Apa pali chinthu chimene chimandichititsa chidwi nthawi zonse. Kamera ikathetheka, m'kati mwake simukhala chithunzi. Mumakhala mndandanda wa manambala, dontho lililonse likudziwa mtundu umodzi wokha mwa itatu. Mitundu iwiri yotsalayo imayenera kuyerekezedwa poyang'ana madontho oyandikana nalo. Kenako wina ayenera kugamula kuti choyera ndi chiti, popeza kuwala kwa dzuwa la masana, kwa babu la m'nyumba ndi kwa nyali ya parafini sikufanana, ngakhale diso lathu limazolowera msanga osatiuza. Wina ayeneranso kugamula kuti mthunzi ude mpaka pati, ndi kuti mitundu ikolere motani. Kamera ikachita zonsezi yokha, imatulutsa JPEG, mtundu wa fayilo umene unakhazikitsidwa mu 1992. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, ndipo imataya zambiri kuti fayilo ichepe. Sensa yeniyeniyo imawerenga masitepe 4,096, kapena 16,384 m'makamera ambiri a masiku ano. Fayilo ya RAW ndi manambala a sensawo asanaphikidwe, ndipo dzina lakelo limangotanthauza chinthu chachiwisi. JPEG ndi nsima yoomoledwa kale: ikalimba kapena ikafewa mudya momwemo, mwina n'kungowonjezera ndiwo. RAW ndi ufa uli m'thumba.

Makamera oyamba a akatswiri anali a anthu ochepa. Kodak DCS 100 ya mu 1991 inali Nikon F3 yoikidwa sensa ya madontho 1.3 miliyoni, yolumikizidwa ndi waya ku chibokosi chosungira zithunzi chimene wojambula ankachikoleka paphewa. Zinthu zinasintha pamene Nikon D1 inatuluka mu 1999 ndi Canon EOS D30 mu 2000. Onse awiri ankatha kusunga RAW, koma aliyense m'chinenero chake: Nikon inali ndi NEF, Canon CRW, kenako CR2 mu 2004. Olympus inabwera ndi ORF, Fujifilm RAF, Pentax PEF, Sony ARW. Ngakhale m'kampani imodzi, kamera yatsopano inkasintha kalembedwe ka fayilo. Makampaniwa sankafotokoza poyera mmene mafayilo awo analembedwera. Wogula ankapeza CD m'bokosi, ya pulogalamu ya kampaniyo, ndipo kawirikawiri inali yochedwa moti munthu ankatha kusintha chinthu chimodzi n'kukhala akudikira kuti aone zotsatira. Negetivi inabwerera m'manja mwa wojambula, koma chipinda cha mdima chinali chokhoma, kiyi ali kukampani.

Munthu amene anayamba kuthyola maloko amenewa sanali wa kampani iliyonse ya makamera. Dave Coffin, wolemba mapulogalamu wa ku America, anayamba mu 1997 ndi kamera yake ya Canon, pofuna kuti mafayilo ake atseguke pa kompyuta yoyendera Linux, pomwe pulogalamu ya m'bokosi siinkagwira. Anafufuza manambala a m'fayilo mmodzimmodzi mpaka anamvetsa kalembedwe kake. Kenako anachita chimodzimodzi ndi kamera ina, ndi inanso. Pulogalamu yake, dcraw, inalembedwa m'chinenero cha C, yonse mu fayilo imodzi, ndipo inalibe mabatani kapena zenera loonetsa chithunzi. Munthu ankalemba lamulo, iyo n'kutulutsa chithunzi chotsukidwa. Anaipereka kwaulere, zolemba zake zili poyera kuti aliyense awerenge ndi kutengapo. M'kupita kwa zaka inafika potsegula mafayilo a makamera mazanamazana, ndipo mapulogalamu ambiri, aulere ndi ogulitsa omwe, anamangidwa pamwamba pake kapena anaphunzirapo. Cholinga chimene Coffin ankanena chinali chakuti zithunzi za anthu zidzatsegukebe pa kompyuta iliyonse patapita zaka zambiri, makamerawo ndi ma CD awo zitaiwalika. Ine ndimamuona ngati munthu wosunga mbewu ya makolo m'chiguduli pamene anzake onse athamangira yogula m'sitolo.

Winayo dzina lake n'lodziwika kwambiri. Thomas Knoll anayamba kulemba pulogalamu yoonetsa zithunzi mu 1987 ali wophunzira pa University of Michigan. Mchimwene wake John, amene ankagwira ntchito ya zamafilimu ku Industrial Light & Magic, anaona kuti ikhoza kukula, ndipo mu February 1990 Adobe inaitulutsa ndi dzina loti Photoshop. Patapita zaka zoposa khumi Thomas, yemwe ndi wojambulanso, anagula kamera ya Canon ndipo sanakhutire ndi mmene pulogalamu ya m'bokosi inkatsukira mafayilo ake. Analemba yakeyake. Imeneyo ndiyo Adobe Camera Raw, imene inatuluka mu February 2003 ngati chowonjezera chogula padera cha Photoshop 7. Siinali yokha pamsika. Bibble ya Eric Hyman inalipo kuyambira m'masiku a Nikon D1, ndipo Capture One ya kampani ya Phase One ya ku Denmark inkakondedwa m'masitudiyo. Koma Camera Raw inaika RAW pakhomo pa pulogalamu imene ojambula ambiri anali nayo kale, ndipo timabatani toseleleka ta kuwala, mthunzi ndi kutentha kwa mtundu tinakhala chinenero cha ntchitoyi.

Knoll yemweyo ndiye anatsogolera ntchito ya DNG, imene Adobe inalengeza mu September 2004. Dzinali ndi chidule cha mawu otanthauza negetivi ya digito. Ganizo lake linali losavuta kumva: pakhale kalembedwe kamodzi ka RAW, kofotokozedwa poyera, koti kampani iliyonse igwiritse ntchito popanda kulipira. Leica, Pentax ndi Ricoh anavomera. Canon, Nikon ndi Sony, amene amagulitsa makamera ochuluka, sanatero mpaka lero.

Mkangano unafika pachimake mu 2005. Nikon inatulutsa D2X, kamera yake yapamwamba ya nthawi imeneyo, ndipo zinadziwika kuti m'mafayilo ake a NEF kampaniyo inabisa dala, mwa kusokoneza manambala, chidziwitso cha mmene kamera inaonera choyera pa nthawi yojambula. Chithunzi chinkatsegukabe m'mapulogalamu ena, koma mitundu imene wojambula anasankha ali pamalopo siinkawerengeka. Mu April chaka chimenecho Knoll ananena poyera kuti Adobe ikuopa kumasula chinsinsicho chifukwa cha lamulo la ku America la mu 1998, lotchedwa DMCA, loletsa kuthyola zotchinga za pa zinthu za digito. Ojambula anakwiya kwambiri, ndipo funso lawo linali lomveka: ndaima padzuwa ndine, ndasankha choyera ndine, nanga nambala imeneyi yakhala bwanji chuma cha kampani? Nikon inayankha kuti ili ndi zida zimene imapereka kwa olemba mapulogalamu odalirika. Coffin sanadikire chilolezo. Anamasula chinsinsicho n'kuika njira yake mu dcraw kuti aliyense aone. Chaka chomwecho kunabadwa gulu la OpenRAW, lopempha makampani onse kuti afotokoze mafayilo awo poyera. Pofika September, Nikon ndi Adobe anamvana, ndipo Camera Raw inayamba kuwerenga choyera cha D2X. Koma zimene OpenRAW inkapempha sizinachitike. Anthu amene ankati nkhaniyi ndi yaing'ono, ya nambala imodzi, ndikuona kuti sanaimvetse. Ikanapita popanda phokoso, palibe chikanaletsa kuti ulendo wotsatira chithunzi chonse chikhomedwe.

Pa nthawi yomweyo vuto lina linali litakula: kuchuluka. Wojambula ukwati amene kale ankabwera ndi mafilimu asanu tsopano ankabwera ndi mafayilo chikwi, ndipo kutsegula imodziimodzi mu Photoshop kunali kudzipha. Apple inatulutsa Aperture kumapeto kwa 2005 pa mtengo wa madola 499. Adobe inaonetsa Lightroom yoyeserera mu January 2006, ndipo yeniyeni inatuluka mu February 2007. Dzina loti Lightroom, kutanthauza chipinda chowala, linasankhidwa moyang'anizana ndi chipinda cha mdima chija. Mapulogalamu awiriwa anazika mwambo umene tsopano timauona ngati wachibadwa: fayilo ya RAW siikhudzidwa konse. Chimene chimasungidwa ndi mndandanda wa malangizo, monga akuti walitsa apa, detsa apo, dula m'mbali, ndipo chithunzi chimaphikidwa chatsopano nthawi iliyonse mukachifuna. Malangizo a chithunzi chimodzi mukhoza kuwapatsa zithunzi mazana awiri zojambulidwa m'holo imodzi. Mukasintha maganizo patapita zaka zisanu, ufa uja ulipobe.

Koma malangizowo nawo ali ndi chinenero chawo. Apple italengeza mu 2014 kuti yasiya Aperture, ojambula amene anathera zaka akukonza zithunzi mmenemo anapeza kuti ma RAW awo ali bwinobwino, koma ntchito ya manja awo siinkasamukira bwino m'pulogalamu ina. Adobe nayo inasintha kagulitsidwe: kuyambira 2013 Photoshop inakhala yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo Lightroom 6 ya mu 2015 inali yomaliza kugulidwa kamodzi n'kukhala yako. Kwa wojambula wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, amene amalipidwa makwacha pomwe pulogalamu ikufuna madola ndi khadi la kubanki lotha kulipira kunja, kusinthaku n'kolemera kuposa mmene kulili kwa mnzake wa ku London. N'chifukwa chake ndimaona kuti mapulogalamu aulere ayenera kutchulidwa mwaulemu. RawTherapee anaiyamba Gábor Horváth wa ku Budapest, ndipo anatsegula zolemba zake mu 2010. Darktable anaiyamba Johannes Hanika wa ku Germany mu 2009. Onsewa amafuna kuleza mtima pophunzira, koma salipiritsa, ndipo sadzatsekedwa chifukwa mwezi uno simunalipire.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene imatikhudza ife mwachindunji, ya khungu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi za mitundu ankachunira makina awo poyang'ana khadi la Kodak loonetsa mayi wachizungu. Makhadiwo ankatchedwa Shirley, dzina la mayi woyamba kujambulidwapo. Khungu lake likaoneka bwino, makina ankaonedwa kuti ali bwino. Lorna Roth, wofufuza wa pa Concordia University ku Montreal, analemba kuti madandaulo amene anakankha kampaniyo kukonza mitundu yodera anachokera kwa ogulitsa mipando ya matabwa ndi chokoleti, amene katundu wawo sankasiyanitsika bwino pa zithunzi. Khadi loonetsa amayi a makungu osiyanasiyana linabwera m'zaka za m'ma 1990. Aliyense amene ali ndi alubamu yakale kunyumba akuchidziwa chotsatira chake: mkwatibwi diresi lili mbee, nkhope itamira mumdima, maso ndi mano zokha zikuoneka.

Kamera ya digito yosiyidwa kuti igamule yokha imagwa m'mbuna yomweyo. Ukwati wa mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, diresi loyera, suti yakuda, nkhope zathu zoderazi pansi pa mthunzi wa chipewa: masitepe 256 sakwanira kusunga zonsezi, ndipo kamera imasankha chopulumutsa. Mu RAW, wojambula amatha kujambula mosamala kuti nsalu ya diresi isapse, kenako pakompyuta n'kukweza kuwala pankhope popanda kuichititsa phulusa, n'kubwezera kufiirira kumene kuli pansi pa khungu lakuda. Chigamulo cha mmene nkhope ya mayi wa ku Dedza iyenera kuonekera chimachoka kwa injiniya wakutali n'kubwera kwa munthu amene anamuona mayiyo ndi maso. Mphamvu yomweyo ena amaigwiritsa ntchito kuyeretsa anthu mpaka achibale osawazindikira, ndi kusalaza nkhope ngati ya chidole cha m'sitolo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa n'kubweza ndi manja athu khadi la Shirley limene tinali titalithawa.

Funso loti kukonza kumalekezera pati linapatsa RAW ntchito imene oiyambitsa sanaiganizire, ya umboni. Mpikisano wa World Press Photo wa ku Amsterdam unayamba kupempha mafayilo oyambirira kuti uyerekeze ndi zithunzi zoperekedwa. Mu 2010 Stepan Rudik analandidwa mphotho zitaoneka kuti anafufuta kaphazi ka munthu kamene kankaoneka kumbuyo. Mu 2013 chithunzi chopambana cha Paul Hansen wa ku Sweden, cha abambo onyamula mitembo ya ana awiri mumsewu wopapatiza wa ku Gaza, chinanenedwa kuti n'chophatikiza zithunzi zingapo. Akatswiri anafufuza fayilo yake ya RAW n'kupeza kuti sichinali chophatikiza: anawalitsa pena n'kudetsa pena, monga ankachitira a m'chipinda cha mdima, koma chilichonse chinali pamalo pake. Mu 2015 chithunzi chimodzi mwa zisanu zilizonse zimene zinafika chakumapeto kwa mpikisanowo chinachotsedwa chifukwa chosinthidwa mopyola. Chaka chomwecho kampani yofalitsa nkhani ya Reuters inatenga njira yosiyana: inauza ojambula ake oima paokha kuti azitumiza ma JPEG ochokera m'kamera, osati zithunzi zotsukidwa kuchokera ku RAW, pofuna changu ndi kuchepetsa mpata wokometsera. Bungwe lina linati tionetseni ufa, lina linati musaphike nokha, koma nkhawa inali imodzi.

Kenako RAW inalowa m'thumba la malaya. Android 5.0 inalola mafoni kusunga DNG mu 2014, ndipo iPhone inatsatira mu 2016. Mwa njira imeneyi kalembedwe kamene makampani aakulu a makamera anakakana kanafika m'manja mwa anthu ochuluka kuposa amene anagwirapo kamera yaikulu. Koma chachiwisi cha pa foni sichilinso chachiwisi kwenikweni. ProRAW ya Apple, ya mu December 2020, ndi zithunzi zingapo zojambulidwa motsatizana m'kanthawi kochepa, zophatikizidwa ndi kusefedwa foni isanakupatseni fayilo. Mu 2023 Adobe inaika mu Lightroom chida chochotsa timadontho ta mumdima pogwiritsa ntchito makina ophunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, ndipo zithunzi zakale za usiku zimene eni ake anazitaya mtima zinayamba kuoneka zoyera. Amene anasunga ma RAW awo anapindula; amene anasunga ma JPEG okha anatsala ndi nsima ya dzulo. Chaka chomwecho Leica inatulutsa M11-P, kamera yoika pa fayilo chidindo cha digito chosonyeza kumene chithunzi chachokera.

Dave Coffin anatulutsa dcraw yomaliza, ya nambala 9.28, mu 2018, patatha zaka 21 chiyambireni. Chaka chomwecho Canon inabweretsa CR3, imene dcraw siitsegula. Ntchitoyo inapitirira m'manja mwa ena, monga gulu la LibRaw limene linamanga pa maziko ake, ndi anthu odzipereka a darktable ndi RawTherapee. Iwo amapemphabe eni makamera kuti atumize chithunzi chimodzi cha RAW cha kamera iliyonse yatsopano, kaya cha duwa kapena cha khoma la nyumba, kuti wina akhale pansi usiku n'kuyamba kuwerenga manambala ake mmodzimmodzi.